Tisanapemphe maloboti, tione kaye amene amaima pakona

Zikomo a tcheyamani. Amfumu, a khansala, amayi ndi abambo nonse, ndi inu anyamata a kabaza mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Kalata imene komiti yanu yalemba ndaiwerenga. Mukupempha maloboti pamphambano ya kumsikayi. Pempholo si loipa. Koma ndifunse kaye: munthu akagundidwa pamenepaja, dalaivala amati chiyani? Amati, "Ndangomuona ali kale kutsogolo." Ife timati wabodza. Koma nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Pitani mukaime pakona ija m'mawa ana akamapita kusukulu. Minibasi yaima pakona penipeni, kondakitala watulutsa mutu akuitanira. Kumbuyo kwake lole ikutsitsa matumba a ufa. Njinga za kabaza zadzaza mpata wotsalawo. Ndiye pabwere mwana wa Sitandade 2, chikwama kumsana. Msinkhu wake sufika n'komwe pawindo la minibasi. Kuti aone ngati kukubwera galimoto ayenera kutulukira kuseri kwa minibasiyo, ndipo akamatulukira ndiye kuti walowa kale mumsewu. Iye saona dalaivala, dalaivala samuona iye.

Tsopano timvetsetse za liwiro, chifukwa apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi yokha. Ndi kutalika kwa minibasi zitatu zitandondozana. Ndipo dalaivala, ngakhale wosaledzera, wosagwira foni, amatha sekondi kapena kuposerapo kuchokera pamene diso laona kufika pamene phazi laponda buleki. Mamita 14 amenewo apita galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Akaponda bulekiyo galimoto imapitabe, ndipo liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woti iime umawirikiza kanayi. Pa makilomita 30 pa ola, sekondi ija imangodya mamita 8. Mwaona kusiyana kwake?

Nanga maloboti amathandiza chiyani? Ntchito yawo ndi kugawa nthawi: awa adutse, awa adikire. Pamene misewu iwiri yonse ili ndi magalimoto ambiri, amathandizadi, makamaka kuchepetsa ngozi zowombana m'mbali, zimene zimapha kwambiri. Koma saletsa minibasi kuima pakona. Komanso getsi lachikasu likayaka, madalaivala ena m'malo moima ndi pamene amawonjezera moto, ndipo amene waima mwadzidzidzi amawombedwa kumbuyo. Lobiriwira likayaka, wapansi amayamba kuwoloka pamene galimoto yokhota nayonso yanyamuka. Ndiye pali vuto limene tonse tikulidziwa: magetsi akazima, kapena mawaya akabedwa, kapena batire la sola likafa, loboti imangokhala mtengo wachitsulo. Pamenepo aliyense amayenera kuima kaye n'kupatsana mpata, koma mwaonapo nokha zimene zimachitika.

N'chifukwa chake m'mizinda yathu muli maraundabauti ambiri, monga ya pa Clock Tower ndi ya pa Chichiri mu Blantyre muno. Safuna magetsi, amakakamiza dalaivala kuchepetsa liwiro, ndipo lamulo lake ndi limodzi, kupereka mpata kwa wochokera kumanja. Koma amafuna malo aakulu, ndipo magalimoto akachuluka kwambiri amalephera. Ku Area 18 ku Lilongwe mpaka anaichotsa n'kumanga msewu wodutsa pamwamba. Pathu pano kuti tiike raundabauti ndiye kuti mashopu ena agwetsedwe, ndipo sindikuona amene angadzipereke.

Eya mayi, ndakumvani. Akuti mukaletsa magalimoto kuima, makasitomala a golosale yawo aimika kuti? Funso labwino, ndipo ine sindikunena kuti tiletse msewu wonse. Kunena zoona, magalimoto oimikidwa bwino m'mbali amachepetsa msewu, ndipo msewu ukaoneka wopapatiza madalaivala amayenda pang'onopang'ono. Mukausesa wonse kuti mbee, mwawapatsa bwalo lothamangira. Chimene ndikupempha ndi makona anayi aja ndi pafupi ndi powolokera anthu. Pamenepo pasaime chilichonse, kaya ndi minibasi, kaya ndi lole, kaya ndi galimoto ya bwana, ngakhale benchi ya tomato.

Siteji ya minibasi isunthe, ipite kutsogolo, galimoto ikadutsa kaye powolokera. Ikaima isanafike powolokera imabisa anthu amene akuwoloka. Ikaima itadutsa, otsika amawolokera kumbuyo kwake, ndipo dalaivala amene akubwera amawaona ali patali. Powolokerapo pakwezedwe ngati hampu, kuti wothamanga amve m'msana. Ndipo musadalire penti ndi zikwangwani zokha. Penti imafufutika ndi mvula, chikwangwani amakachita mbaula. Timizati ta simenti pakona ndi timene timagwira ntchito usana ndi usiku, wapolisi alipo kapena palibe.

Tsopano kalata yanuyi ipite kuti? Funsani kaye kuti msewuwo ndi wa ndani. Misewu ikuluikulu ngati M1 imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Misewu ya m'kati mwa mzinda, malo oimika magalimoto ndi masiteji, zimenezo ndi za khonsolo, ndipo khomo lanu ndi a khansala ali apawa. Ndalama zambiri zokonzera misewu zimadzera ku Roads Fund Administration, kuchokera pa msonkho wa mafuta ndi pa ma toll gate monga a pa Chingeni ndi Kalinyeke, kutanthauza kuti mukakwera minibasi mwasonkha kale, simukupempha chifundo. Apolisi a trafiki ntchito yawo ndi kugwira ophwanya lamulo, sayika maloboti. Kalata ikalowa ofesi yolakwika imangogona m'fayilo.

Musapitenso ndi mawu oti "pamachitika ngozi zambiri." Injiniya akufunsani kuti zingati, nthawi yanji, galimoto imachokera mbali iti. Choncho sankhani anthu anayi, kope ndi bolopeni m'manja. Sabata yamawa akaime pamenepaja m'mawa, masana ana akamaweruka, ndi madzulo anthu akamachokera kuntchito. Awerenge magalimoto, awerenge owoloka, alembe amene aima pakona ndi nthawi imene akhalapo. A hedi atipatse chiwerengero cha ana amene amawolokera pamenepo. Mujambule ndi mafoni anuwo. Ziwerengerozo zikaonetsa kuti maloboti akufunikadi, pempho lanu lidzakhala ndi mphamvu, koma timizati ndi siteji zisadikire zimenezo.

Kwatsala nkhani yovuta, yoti siteji yatsopano ikhale pati, pakuti aliyense akufuna ikhale pafupi koma osati pakhomo pake. A tcheyamani a kabaza, ndi inu oimira madalaivala a minibasi, imirirani mutiuze malo amene mukuona kuti angatheke.