Mwana Ali Kumbuyo, Mimba Ikukana Kuphwa

[Wofotokoza wakhala pakhonde, akuyang'ana kamera]

Amayi anzanga, takulandirani. Nanunso abambo amene mukusuzumira pafoni ya mayi a kunyumba, musachoke, gawo lanu lilipo. Lero tikamba za mimba yotsala ija, imene imachititsa kuti mnzako mukakumana mu msika wa Tsoka ayang'ane mwana kumbuyo, ayang'ane pamimba, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, mwatenganso ina kale?"

Tiyambe ndi makilogalamu enieniwo.

[Pa sikirini: makilogalamu 11 mpaka 16]

Mayi amene thupi lake linali lapakatikati asanatenge pakati amayembekezeka kuwonjezera makilogalamu pakati pa 11 ndi 16. Tsiku lochira amatsika ndi 5 kapena 6 basi: mwana, nsengwa, madzi ndi magazi. Sabata yoyamba mumakodza pafupipafupi, usiku n'kudzuka zofunda zili nyowe ndi thukuta. Amenewo ndi madzi amene thupi linasunga, akutuluka. Zambiri mwa zotsalazo ndi mafuta, ndipo sanabwere mwangozi. Thupi linawaika m'chiuno, m'ntchafu ndi m'matako ngati chimanga m'nkhokwe, kukonzekera miyezi yoyamwitsa.

Chiberekero nachonso chili ndi nthawi yake. Mwana akangobadwa chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndipo mukhoza kuchikhudza chapamchombo. Chimatenga masabata 6 kuti chibwerere mwakale, osafikanso ndi magalamu 100 omwe. Kupotokola kwa m'mimba kumene mumamva mwana akamayamwa masiku oyambirira ndi chiberekero chikudzikoka. Ndiye amene akukusekani mimba mutangotuluka m'chikuta, akuseka chiwalo chimene chili pa ntchito.

Koma pali amayi ena amene mwana wafika miyezi 8, thupi lonse latsika, mimba yokha ili tuu. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri sanauzidwepo.

[Chithunzi: minofu iwiri ya pamimba, mpata uli pakati]

Kutsogolo kwa mimba kuli minofu iwiri yoyenda kuchokera kunthiti kutsika mpaka pachinena. Mwana akamakula minofuyi imatalikirana kuti apeze malo. Kwa ena imabwerera yokha, kwa ena mpata umatsala, ndiye zam'mimba zimakankhira kutsogolo. Mukhoza kudziyeza nokha pamphasa. Gonani chagada, pindani mawondo, ikani zala pamwamba pang'ono pa mchombo, kenako dzutsani mutu wokha. Ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa mumpata wofewa, kapena pakati pamimba patukuka kamzere, minofu ija sinalumikizane. Mimba yotere singaphwe ndi kusala nsima. Ndipo masewera aja ogona chagada n'kumadzuka kukagwira mawondo, amene aliyense amathamangira, amangoitukumula. Choyambira n'chaching'ono: kupuma mpweya kunja pang'onopang'ono uku mukukokera mchombo mkati, mutagona kapena mutakhala, komanso podzuka pabedi muzitembenukira kaye cham'mbali. Mpata ukakhala waukulu, ku Kamuzu Central kuli gawo la mafizo, pemphani kalata kuchipatala chanu chaching'ono.

Nanga chitenje chimene amayi athu amatimanga pamimba? Sindichinyoza. Chimagwira msana, munthu umamva kuti wamangika, umayenda bwino. Koma mafuta sichisungunula, ndipo minofu sichilimbitsa. Mukamanga mpaka kupuma movutikira, mphamvu yonse imakankhira pansi, kumene kuli kale kofooka. Amene munachira pa opareshoni, funsani kaye anamwino musanayandikize nsalu yothina pachilonda.

Kofooka kumene ndikunenako ndi nkhani ina imene timabisirana. Kutsokomola, kuseka kwambiri, kudumpha ngalande, mkodzo n'kudontha. Mayi wotere ukamuuza kuti azikathamanga m'mawa kuzungulira bwalo la Bingu, amangomwetulira, chifukwa chenicheni sanganene. Minofu yapansi imalimba ndi kufinya: finyani ngati mukuletsa mkodzo, gwirani masekondi 5, masulani, kakhumi, katatu patsiku. Mukhoza kuchita muli mu minibasi, palibe angadziwe. Kuthamanga kudikire. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata, mwana ali kumbuyo, n'kokwanira kuyambira, bola achipatala akuonani pa masabata 6 mutachira n'kuvomereza.

[Kamera patebulo: chikho cha thobwa, kapu ya tiyi, mandasi, mbale ya nsima]

Tsopano chakudya, pamene pamayambira mikangano ndi apongozi.

Kupanga mkaka kumadya mphamvu, pafupifupi makalori 500 patsiku kwa mayi woyamwitsa mwakathithi. Ndiye njala imene mumamva 2 koloko usiku ndi yeniyeni, si dyera. Apongozi akamati idyani, akunena zoona. Pamene timasiyana ndi pa chimene chili m'kapumo. Thobwa lothira shuga kawiri, tiyi wa masupuni 4, Sobo, mandasi atatu, zonse m'dzina la mkaka. Chimene chimachulukitsa mkaka kwenikweni ndi mwana kuyamwa pafupipafupi n'kumatsiriza bere. Shuga amangopita kukakhala m'chiuno.

Mbali inayo kuli atsikana amene amalumpha nkhomaliro, kugonera tiyi wopanda kanthu, kuti diresi la chinkhoswe cha mng'ono wawo likwane. Mapeto ake ndi chizungulire, mutu, kupsa mtima, kenako madzulo ena kumaliza mitanda 5 chifukwa thupi latopa ndi kunamizidwa. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata ndiye mlingo umene suvutitsa mkaka. N'zochedwa, inde. Ambiri zimawatengera miyezi 6 mpaka chaka, ndipo pali ena amene makilogalamu omalizira amachoka mwana akaleka kuyamwa, ngakhale tinauzidwa kuti kuyamwitsa kumaondetsa aliyense.

Za magulu 6 a zakudya munaziimba kale kusikelo, sindibwereza. Ndingoti mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa woyera, ndipo mbale ikadzaza ndi nkhwani wotendera, nyemba, usipa kapena dzira, mtanda wachitatu umatsala wokha. Njala ya usiku ipeze nthochi, mbatata yophika kapena mtedza wokazinga pafupi ndi bedi, ndi botolo la madzi.

Tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ine ndimati ayi. Ambiri mwa iwo ndi mankhwala otsekula m'mimba kapena okodzetsa. Chimene chimatsika ndi madzi, omwe mayi woyamwitsa akuwafuna, ndipo chimene chili m'paketi yopanda chizindikiro simuchidziwa, pamene mwana akuyamwa kwa inu.

[Chithunzi: chipinda usiku, nyale ya foni yayaka]

Tulo. Munthu amene sakugona mokwanira, mahomoni a njala amakwera, a kukhuta amatsika, ndipo mtima umafuna zotsekemera ndi zamafuta. Lamulo la ntchito m'dziko muno limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere. Taganizani mayi wa ku Area 25 amene wayamwitsa kanayi usiku, 5 koloko ali pambaula, wachapa matewera, wathamangira minibasi ya m'tauni. Ikamakwana 12 koloko, chimene chili pafupi ndi chipisi cha pachiwaya ndi Fanta. Amene amati mayiyu ndi waulesi sanakhalepo naye tsiku lathunthu. Wogulitsa tomato ku Wakawaka ndiye alibe ndi masabata 8 omwewo.

Abambo, gawo lanu lija ndi ili. Mwana akayamwa m'bandakucha, mutengeni, mumugeyetse, mutuluke naye pabalaza, mayi agone maola awiri osadukiza. Zimenezi zimathandiza thupi lake kuposa kumuonetsa zithunzi za akazi a pa TikTok amene achira mwezi watha koma mimba ili phwa. Simudziwa amene akuwalerera mwana, ndipo simudziwa chimene avala mkati.

Pali funso la jakisoni wolera, amene amayi ambiri kuno amasankha. N'zoona kuti Depo-Provera amanenepetsa ena, osati onse. Koma musangosiya mwakachetechete, chifukwa mimba yobwera mwana asanayende ndiyo ingakubwezereni kumbuyo kwambiri. Kafotokozeni kuchipatala. Njira zilipo zina, monga lupu ya kopa yoikidwa m'chiberekero, imene ilibe mahomoni.

[Kamera yayandikira nkhope ya wofotokoza]

Tifike za mumtima. Mayi wa ku Lilongwe amakokedwa mbali ziwiri. Akanenepa, kumudzi amati, "Eee, bambo akukusamalani," pamene kuofesi amati wadzitaya. Akaonda msanga, manong'onong'o amayamba: kodi ali bwino ameneyu, kapena ukwati wavuta? Palibe thupi limene lingatseke pakamwa pa onsewa. Ndiye pali iwe mwini, utaima pagalasi ukuchokera kosamba, mizeremizere pamimba, mabere asintha, siketi ya kuntchito zipi yakana pakati. Mwana umamukonda ndithu, koma munthu wa pagalasiyo sukumudziwa. Ena amayamba kuvulira mumdima, ena kukana kujambulidwa, moti mwana amadzakula zithunzi zonse ali m'manja mwa azakhali. Ndipo ukadandaula, yankho limakhala loti, "Thokozani Mulungu mwachira bwino." Kuthokozako tikuthokoza, koma kuwawako kulipobe.

Kulira popanda chifukwa masiku oyambirira kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira pamenepo ndi nkhani ina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 100 amene angochira kumene, pafupifupi 13 amadwala matenda a maganizo, ndipo m'maiko ongotukuka kumene amayandikira 20. Zizindikiro zake: kusasangalala ndi chilichonse, kulephera kugona ngakhale mwana wagona, kudziona wolephera, kudya mosaletseka kapena kusafuna chakudya n'komwe. Mayi wotere kumuuza za mgaiwa ndi kuyenda ndawala n'kutaya nthawi, maganizo athandizidwe kaye. Ku Bwaila kuli gawo loona za matenda a maganizo, a St John of God nawonso amathandiza mumzinda muno, ndipo mukhoza kuyambira kwa namwino wa kusikelo. Maganizo odzipweteka kapena opweteka mwana akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, mupite kuchipatala limodzi.

Pa masabata 6, mwana akamakalandira katemera, tsikulo ndi lanunso. Kawirikawiri timangokoleka mwana pasikelo, kulembetsa m'buku, n'kuthamangira kunyumba. Khalani pansi, munene za mkodzo ngati ukudontha, muonetse mpata wa pamimba, mufunse za njira yolera. Ngati mukutopa mopitirira, kuzizidwa anzanu akumva kutentha, thupi likungokwera pamene kadyedwe sikanasinthe, pemphani akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro, chiwalo chaching'ono cha pakhosi, chifukwa kwa amayi ena chimasokonekera m'chaka choyamba atachira. Amene munapezeka ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi muli oyembekezera, muwakumbutse akuyezeninso.

Mu vidiyo yotsatira tidzayala mphasa, ndidzakuonetsani masewera a pamimba amene mayi wochira pa opareshoni angayambe nawo.