Mwalandira chinkhwe chokalamba, ndiye mutani nacho?

Zikomo amayi ndi abambo, ena ndakuonani mukuseka kuti lero tikukamba za mbalame, koma angati pano abwana akusamuka kuno ku Joni anakusiyirani chinkhwe ndi khola lake? Eya, manja ndi amenewo.

Chinkhwe chotuwa chija cha mchira wofiira, African grey, chimatha kukhala zaka 40 mpaka 60 chikusungidwa bwino, ndiye mukapatsidwa cha zaka 25 musati ndi gogo, chikhoza kudzalira maliro anu chimenecho. Ndipo chimabwera ndi mbiri yake. Makamaka zija zinali zoswetsa, South Africa imaweta zambiri zogulitsa kunja, zikasiya kuikira bwino eni ake amazitaya motchipa. Mbalame yoteroyo yakhala zaka ili ndi mnzake yekha, dzanja la munthu imalidziwa kuti ndi lija limabwera kudzatenga ana m'chisa, ndiye inu tsiku loyamba mukulowetsa chala kuti hello hello, chikulumani mpaka magazi ndipo olakwa mukhala inuyo. Khalani pambali pa khola, muzingoyankhula nacho pansipansi, kuika chakudya n'kuchokapo, miyezi ingapo osati masabata awiri ayi. Zina mpaka kufa sizilola kugwidwa, kuyankhulanso osayembekezera. Zikakhala ziwiri zokwatirana musazilekanitse chonde, chotsalacho chimayamba kudzizula nthenga mpaka pachifuwa mbee. Bokosi loikira mazira lija chotsanimo, ndipo chikazolowera muzichikanda pamutu basi, kusisita pamsana chimayesa mukuchifunsira.

Zakudya tsopano. Zambiri zimabwera zitazolowera mpendadzuwa wokhawokha, mafuta amenewo amawononga chiwindi. Sinthani pang'onopang'ono, kaloti, dzungu, papaya, masamba ndi ma pellets, timibulu ta chakudya cha mbalame togula kusitolo tija, mukachotsa mpendadzuwa tsiku limodzi chikhoza kungokana kudya. Mapeyala ayi, amapha. Chokoleti, khofi, mowa, ayinso, a bambo kumbuyoko ndakuonani. Mtedza wachuku uja timausankha n'kutaya, kwa chinkhwe ndi poizoni weniweni. Komanso khola lisakhale kukhitchini, utsi wa fulayipani ya non-stick ikatenthetsa umapha mbalame mwansanga.

Ngati muli ndi mbalame zina, chatsopanocho chikhale pachokha masiku 30 ndipo chionedwe ndi dokotala wa ziweto, pali matenda a psittacosis amene amagwiranso anthu, umangoti ndi chimfine koma mpaka chibayo.

Mayi afunsa zopita nacho kumudzi pa Khrisimasi. Mu 2016 mayiko anakumana konkuno ku Johannesburg pa msonkhano wa CITES, pangano loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, n'kuika African grey pa mndandanda wotetezedwa kwambiri chifukwa zinkagwidwa mopyola m'nkhalango za ku Congo ndi Cameroon. Ndiye popanda ma permit musayerekeze kuchibisa m'katoni pa basi, pa boda ya Beitbridge akulandani ndipo mlandu pamwamba. Funso lina?