Nthawi yosinthira timing belt pa galimoto imene yayenda kwambiri

Omvera athu a kuno ku Salima ndi inu a ku Nkhotakota, lero tikambirane za timing belt, lamba wa rabala wokhala ndi mano amene amalumikiza crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amachizunguza mu injini, ndi camshaft, chitsulo chimene chimakankha mavalavu, kuti mavalavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake. Lambayu si fanibeluti imene mumaiona mukatsegula boneti, chifukwa iye amabisika m'chivundikiro chake, ndipo kawirikawiri amaduka popanda chenjezo lililonse. Pa injini zambiri, makamaka za dizilo, akaduka galimoto ikuyenda mapisitoni amamenya mavalavu n'kuwapinda, moti ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yophwasula injini.

Poyamba funsani amakaniko ngati injini yanu ili ndi lamba kapena tcheni. Vitz, Sienta ndi Honda Fit zimayendera tcheni, pamene Hiace ndi Hilux zakale za dizilo zimayendera lamba.

Pa Toyota zambiri zakale lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000, ngakhale kuti makampani ena amatchula mtunda wocheperapo, choncho onani buku la galimoto yanu. Zaka nazonso zimawerengedwa, pakuti rabala amauma n'kuchita ming'alu ngakhale galimoto itangokhala pakhomo, ndipo kutentha kwa kuno kunyanja sikumuchitira chifundo. Lamba akatha zaka 5 mpaka 7, musintheni ngakhale mtunda usanakwane.

Pamene ndikufuna mumvetsere bwino ndi apa. Ambiri a ife tinagula galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zina zitadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo mita ya mtunda imatha kubwezedwa m'mbuyo ndi ogulitsa osakhulupirika. Yang'anani pa chivundikiro cha lamba, poti amakaniko a ku Japan amakonda kumatapo kapepala kosonyeza tsiku ndi mtunda umene anasinthira. Kapepalako kakasowa, ndipo mwini wake wakale alibe lisiti, tengani kuti lambayo sanasinthidwepo ndipo musinthe musanayambe ulendo wa ku Lilongwe kapena wa mumsewu wa M5. Musadalire nyali ya T-BELT yokha, imene imayaka pa dashibodi kukukumbutsani za lambayu, chifukwa imangowerenga makilomita ndipo munthu angathe kuizimitsa osakhudza lamba. Musadalirenso maso, popeza lamba wooneka bwino kunja akhoza kukhala atatheratu mkati. Koma mukaona ming'alu, mano odyeka kapena oyilo pa lamba, galimotoyo isayendenso.

Tsiku losintha, auzeni amakaniko asinthe pamodzi tenshona, imene imakunga lambayo, ndi mapule ake, komanso pampu ya madzi ngati imazunguzidwa ndi lamba yemweyo, chifukwa beringi yakale ya m'zipangizozi ikagwira imadula ngakhale lamba watsopano. Masilo amene akudontha oyilo asinthidwenso nthawi yomweyo. Gulani zipangizo zenizeni, osati zotchipa zosadziwika kumene zachokera, ndipo ntchito ikatha pemphani kuti akuonetseni zakale zimene achotsa. Kenaka lembani tsiku ndi makilomita pa chivundikiro ndiponso m'kabuku kamene mumasunga m'galimoto.