Uthenga wa mawu: musanalipire Subaru ija, mvetserani kaye

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi zija ndaziona. Galimotoyo ikuoneka bwino ndithu, buluu wake ndi uja weniweni wa Subaru, ndi mawilo agolide aja. Ndiye mvetserani bwinobwino uthengawu, ukhala wautali pang'ono, mukhoza kumauimitsa n'kumalemba zina. Koma ndalama musatumize kaye kwa aliyense mpaka mutaumaliza.

Poyamba tidziwe ngati galimotoyo ndi STI yeniyeni, mtundu wa Subaru wamphamvu kuposa mnzake wotchedwa WRX. Anthu ambiri amamata zomata za STI pa WRX wamba, amaika phiko lalikulu kumbuyo, n'kukweza mtengo. Musakhulupirire zomata. Pemphani nambala ya chasisi, ndipo muone zilembo zitatu zoyambirira. Pa magalimoto a ku Japan, nambala ikayamba ndi GDB, imeneyo ndi STI ya 2000 mpaka 2007, pomwe GDA ndi WRX wamba. GRB ndi STI ya chitseko chakumbuyo yomwe inatuluka mu 2007, GVB ndi mnzake wa buti yemwe anabwera mu 2010. VAB ndi STI ya 2014 mpaka 2019. Mukaona VAG, imeneyo ndi WRX S4, injini yake ndi ina ndipo giya yake ndi ya otomatiki. Mukaona GRF kapena GVF, ndi ija amaitcha A-Line, ya malita 2.5, nayonso ya otomatiki. Zonsezi ndi galimoto zabwino, koma musalipire mtengo wa ina pogula ina. STI ya ku Japan ya GDB, GRB, GVB kapena VAB ili ndi injini ya EJ20 ya malita awiri ndi giya yapamanja ya magiya asanu ndi limodzi. Nambalayo muiwerenge nokha pa chitsulo cha galimoto, ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Tsono nachi chomwe ndikufuna chikulowereni. Galimoto ngati iyi palibe amene anaigula kuti azinyamulira ana popita kusukulu. Mbiri yake inachokera ku mipikisano. Colin McRae anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa rally mu 1995 ali mu Subaru Impreza, mtundu womwe STI inachokerako, Richard Burns mu 2001, Petter Solberg mu 2003. Aliyense amene anaigula ankafuna kumva mphamvu imeneyo. Choncho musafunse ngati inathamangitsidwa, chifukwa inathamangitsidwa ndithu. Funsani ngati mwini wake ankaisamalira akaithamangitsa, komanso ngati anailowa m'kati n'kusintha zinthu kuti iwonjezere mphamvu. Corolla mwini wake akhoza kuchedwa kusintha oyilo, iyo n'kumapirira. Iyi sipirira. Mwini wake akalakwitsa, amene amadzalipira ndi wogula wotsatira, ndiye inuyo.

Ngati ili kale kuno, kaya ku Lilongwe kaya ku Blantyre, pitani m'mamawa ndipo muuzeni wogulitsayo asailize inu musanafike. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, bwererani mudzabwere tsiku lina. Ndikunenetsa. Injini yotentha imabisa matenda ambiri amene yozizira imaulula. Musanailize, solani chitsulo choonera oyilo. Oyilo akhale pa mlingo wake, ndipo muyang'ane padzuwa ngati muli tizitsulo tonyezimira. Mukationa, zikomo, nyamukani. Zimenezo ndi ma beyaring'i akudyeka, ndipo injiniyo yatsala pang'ono kunoka. Injini zimenezi zikakhala ndi oyilo wochepa n'kumakhota mothamanga, beyaring'i ndi amene amayamba kufa.

Kenako wina ailize, inu muime kumbuyo pafupi ndi ekisozi. Kautsi koyera kam'mawa komwe kamatha pakapita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe. Utsi wabuluu ndiye kuti ikutentha oyilo, mwina turbo yatopa, mwina mapisitoni. Utsi woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, ndiye kuti madzi akulowa mu injini, gasiketi yapita. Mukatero pitani kutsogolo, tsegulani boneti, mvetserani. Subaru ili ndi kalilidwe kake chifukwa masilinda ake anagona cham'mbali, awiri uku awiri uku, musadabwe nako. Chomwe mukufuna kumva ndi kugogoda kolemera kochokera pansi, kotsatira liwiro la injini mukaponda mafuta pang'ono. Kumeneko n'kosakambirana mtengo, n'kongochoka.

Ikatentha, yang'anani kabotolo ka madzi a radiyeta. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza, ndi gasiketi imeneyo. Chivindikiro cha radiyeta musatsegule ikatentha, mudzapsa nkhope.

Pamwamba pa injini, kunsi kwa chiboo chija cha pa boneti, pali chozizilitsira mpweya wa turbo. Makaniko amasule paipi imodzi ayang'ane m'kati. Kunyowa pang'ono ndi oyilo kumachitika, koma oyilo akamatayika ndiye kuti turbo ikutha. Ndipo makaniko ameneyo akhale wanu, wobwera naye inuyo, osati wa wogulitsa. Mulipireni ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, zija timati kompuresheni. Mapulagi a injiniyi ali m'mbali, pothina, ndiye ena amachita ulesi n'kunena kuti palibe chifukwa. Chifukwa chilipo. Masilinda anayi onse apereke manambala oyandikana. Imodzi ikatsika kwambiri, kawirikawiri pisitoni yasweka m'mphepete momwe mumakhala ma ring'i. Vuto limeneli limadziwika kwambiri pa injini ya malita 2.5, EJ257, yomwe inkagulitsidwa makamaka kunja kwa Japan, choncho mukapeza yochokera ku South Africa kapena ku Britain, apa muumirirepo kwambiri. Alumikizenso makina ku kompyuta ya galimoto. Ena amafufuta zolakwika dzulo lake, koma makinawo amatha kuonetsa kuti zafufutidwa posachedwa. Nyali ya injini pa dashibodi iyake mukatembenuza kiyi, izime injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaithimitsa dala.

Tsopano nkhani ya kusinthidwa, apa ndiye pamtima panga. Ine ndingasankhe yomwe yayenda makilomita ambiri koma ili monga inachokera ku fakitale, kusiyana ndi yoyenda pang'ono koma yogwiridwagwiridwa. Achinyamata amakonda phokoso lija la “pshii” posintha giya, ekisozi yaikulu, sefa ya mpweya yosongoka yoonekera poyera. Zimenezi zikaikidwa popanda katswiri wokonzanso kompyuta, mafuta ndi mpweya sizigwirizananso, injini imayamba kuphulitsa mafuta nthawi isanakwane, pisitoni n'kusweka. Ndipo wogulitsa wochenjera amachotsa zonsezo n'kubwezeretsa zakale asanagulitse. Ndiye fufuzani zipsera. Timabowo pa dashibodi kapena pa chipilala cha pafupi ndi galasi lakutsogolo pomwe panali mawotchi owonjezera. Mawaya odulidwa n'kumangidwa ndi tepi pansi pa kapeti, kumapazi a wokhala mpando wakutsogolo, komwe kumakhala kompyuta. Mabowo pansi pa kapeti omwe anamangirapo zitsulo zotetezera pa mpikisano. Yang'ananinso mabuleki a Brembo aja. Pa GDB amabwera agolide. Mukaona golideyo wasanduka wakhofi, anatenthedwa kwambiri, ndiye kuti galimotoyo inkapita ku bwalo la mipikisano.

Chinanso, injini za ku Japan zinakonzedwa kuti zizimwa petulo wa mphamvu kwambiri amene amagulitsidwa kumeneko. Kuno pa pampu timapeza petulo wa mtundu umodzi basi. Ndiye yomwe wina anaiwonjezera kale mphamvu, ikadzamwa wathuyu n'kukwera mtunda wa Chiweta dzuwa likuswa mtengo, mwaiika pangozi. Yosasinthidwa kompyuta yake imatha kumva kugogodako n'kudzichepetsera mphamvu yokha.

Poiyendetsa, wailesi muzimitse, mawindo mutseke kaye. Dikirani itenthe musanaponde kwambiri. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, ikani giya yachinayi, pondani mafuta mokhazikika. Muvi wa injini ukakwera liwiro osakwera, kilachi yatha. Sinthani magiya onse, kukwera ndi kutsika, mumve ngati pali yokukuta. Giya ya STI ndi yolimba, koma ikawonongeka mtengo wake ndi woopsa. Kenako pezani bwalo, kabatani ka DCCD, koongolera difu yapakati yomwe imagawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ngati kalipo mukaike pa otomatiki, muzungulire pang'onopang'ono mutakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku. Mukamva kugunda kapena kuthetheka, makaniko ayang'ane pansi. Matayala anayi onse akhale a mtundu umodzi, saizi imodzi, ndipo kutha kwake kufanane. Galimotoyi imakoka ndi matayala onse anayi, matayala osiyana amadya difu yapakati. Ndipo mwini amene anaika matayala anayi a mitundu inayi wakuuzani kale momwe ankaisamalira.

Muikweze pa galaja muone pansi. Dzimbiri muliyang'ane pomwe pamamangidwa mashoko akumbuyo, m'mphepete mwa matayala akumbuyo, ndi pa zitsulo zonyamula injini. Zochokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, komwe kumagwa chipale ndipo misewu amaithira mchere, zimadyeka pansi pamwamba pakunyezimira. Mukaona pansi ponse papakidwa penti wakuda watsopano, funsani chomwe akubisa.

Funsaninso za taiming'i belt, lamba wochititsa kuti mavavu aziyenda mogwirizana ndi mapisitoni. Imayenera kusinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100,000. Ku Japan amakonda kumata kapepala mu injini kosonyeza pomwe anasinthira. Kakapanda kuoneka, werengani kuti sinasinthidwe, ndipo mtengo wake muuchotse pa mtengo wa galimoto. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mavavu amawombana ndi mapisitoni.

Eee, tsono ngati mwaganiza zoitanitsa nokha ku Japan, zonse ndanenazi simungazichite, maso anu ndi mapepala. Pemphani pepala la ku okushoni, la m'Chijapani lenilenilo, osati lomasuliridwa lokha. Pamwamba pake pali giredi. Ya 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 muisamale. Mukaona R kapena RA, inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo pa galimoto yothamanga chonchi ine R sindingakulangizeni, ngakhale mtengo utsike bwanji. Pa chithunzi cha galimoto pa pepalalo, A ndi kukalika, U ndi kuphwanyika kolowa m'kati, W ndi pomwe anakonza n'kupenta, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Wogulitsa akati pepalalo palibe, pali makampani omwe amalifufuza ndi nambala ya chasisi pa kamtengo kochepa. Pemphaninso satifiketi yotulutsira galimoto m'dzikolo. Pamenepo pamalembedwa makilomita omwe inali itayenda pomwe inkayezedwa ndi boma la kumeneko. Mukaona kuti zaka zapitazo inali pa makilomita ambiri kuposa omwe akuoneka lero, mita inabwezedwa m'mbuyo.

Ndalama mutumize ku akaunti ya kampani, ya ku banki ya ku Japan, dzina lofanana ndi la pa invoisi. Mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, imani, imbani foni pa nambala yomwe munali nayo kale. Anthu aberedwa motero. Muonenso ngati kampaniyo ili m'bungwe la JUMVEA la ogulitsa magalimoto akale kunja kwa Japan. Mtengo muufunse wa CIF mpaka Dar es Salaam, womwe uli ndi sitima ndi inshuwalansi m'kati, chifukwa wotsika uja mumaona pa intaneti nthawi zambiri ndi wa galimoto ili pa doko la ku Japan.

Ndipo musanalipire n'komwe, pitani kwa ajenti wovomerezeka akuwerengereni msonkho wa MRA. Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, yakale imalipira wambiri, ndipo ma STI otsika mtengo onse ndi akale. Ambiri aima pa Songwe ndalama zitathera panjira. Za woiyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam, kudutsa Mbeya mpaka Karonga, muganizire mofatsa. Mtunda umenewo ndi wautali, ndipo mnyamata akapatsidwa kiyi wa STI yekhayekha mumsewu, mukudziwa zomwe achite. Ngati n'kotheka ikwere pa thiraki yonyamula magalimoto, apo ayi pitani nokha mukakhale m'kati, oyilo ndi madzi muziona paliponse mwaima.

Ya kuno, mapepala ndi osavuta kutsata. Blue book ikhale m'dzina la amene akugulitsayo, chiphaso chake muchione, COF ndi inshuwalansi zikhalepo, umboni woti msonkho unalipiridwa ukhalepo, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic. Yochokera ku South Africa musaigule popanda pepala la apolisi losonyeza kuti siyobedwa.

Pa ndalama zomwe muli nazo, musathere zonse pogula. Siyani gawo labwino pambali, chifukwa ikangofika tiyamba ntchito isanathamange n'kamodzi komwe. Tisintha oyilo wa injini ndi sefa yake, tiika oyilo weniweni wa sinthetiki, osati wa m'mabotolo osadziwika a m'mbali mwa msewu. Tisintha oyilo wa giya ndi wa difu, madzi a radiyeta, mafuta a mabuleki, mapulagi, ndi taiming'i belt pamodzi ndi pampu ya madzi ngati palibe umboni. Zambiri mwa zimenezi ndi zoitanitsa kunja, ndiye ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, muziitanitsiretu galimoto isanafike. Muganizirenso msewu wopita kunyumba kwanu, galimotoyi ndi yaifupi, mahampu ndi maenje azidya bampala yakutsogolo.

Ndiye panopa chitani izi. Nditumizireni nambala ya chasisi, chithunzi cha injini boneti itatsegulidwa, cha mabuleki akutsogolo, cha dashibodi kiyi atatembenuzidwa injini isanalire, ndi pepala la ku okushoni ngati alinalo. Ndikaziona ndikuuzani ngati kuli koyenera kuti tipite m'mamawa kukaiyeza. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.