Nambala ya m'mphepete mwa mendulo

Moni nonse, akumudzi ndi anzanga a kunja kuno. Ndikujambula gawo la lero ndili m'khitchini kuno ku Dublin, kunja mvula ikuwaza monga mwa masiku onse, ndiye mukamva ketulo ikulira musadabwe.

Amene mumanditsatira mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Pali agogo ena aakazi amene ndimapitako katatu pa sabata. Dzina sinditchula, tingoti agogo. Mwezi watha tikusanja zovala m'kabati, tinapeza kachitini kakale ka mabisiketi. M'katimo munali mabatani, korona yoduka, ndi mamendulo awiri akuda ndi litsiro. Agogo anangoti, "A bambo anga amenewo. Anapita kunkhondo, anabwerako akutsokomola, ndipo anatsokomola mpaka tsiku lomwalira. Zina sindidziwa, mwanawe. M'nyumba mwathu nkhaniyi sinkakambidwa."

Ine zinandidabwitsa. Kwathu munthu wobwera kunkhondo ankasimba mpaka ana kugona pamphasa. Koma kuno mbiri yake ndi yopota. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, 1914 mpaka 1918, Ireland yense anali pansi pa Britain, ndipo amuna a ku Ireland oposa 200,000 anamenya nawo. Ali komweko, mu 1916, anzawo anaukira Angelezi muno mu Dublin. Pobwerera anapeza dziko latembenuka, yunifolomu imene anapita nayo akuwombedwa m'manja yasanduka chinthu chochititsa manyazi. Ambiri anangotseka pakamwa, mamendulo n'kuponya m'chitini.

Ndinawauza kuti, "Agogo, bwanji tiwafufuze?" Anaseka, amvekere iwe wochokera ku Africa ukawapeza kuti. Koma mdzukulu wawo atabwera Loweruka, tinakhala pathebulo ndi kompyuta.

Apa mvetserani bwino, poti ena mwakwatiwa kapena kukwatira kuno, ndipo apongozi anu ali ndi zitini zoterezi. Mendulo za nkhondo imeneyo musamangoziona kumaso. Zitembenuzeni, muone m'mphepete. Anadindamo dzina la msilikali, gulu lake, ndi nambala yake. Nambalayo ndiye fungulo. Kuno mayina amafanana koopsa, ngati kwathu ukafunsa a Phiri kapena a Banda pamsika n'kutembenuka anthu khumi. Popanda nambala ukhoza kulirira bambo wa eni ake. Ife tinapukuta ndi kansalu, tinaunika ndi tochi ya foni, zilembo n'kuoneka: Royal Dublin Fusiliers.

Tinayamba ndi kalembera wa 1911, amene National Archives of Ireland inaika pa intaneti kwaulere pamodzi ndi wa 1901. Umaona pepala lenilenilo limene mwini nyumba analemba: mayina, zaka, chipembedzo, ntchito, ngati munthu amatha kuwerenga. Tinawapeza bambo aja ali mnyamata, banja lonse likukhala m'chipinda chimodzi. Agogo anayang'anitsitsa siginecha ya agogo awo, n'kuigwira ndi chala pagalasi la kompyuta. Satifiketi ya kubadwa tinaipeza pa irishgenealogy.ie, nayonso yaulere.

Kenako tinagunda khoma. Mafayilo a asilikali sanasungidwe kuno, anali ku London, ndipo mu September 1940 bomba la Ajeremani linagwera nyumba yosungiramo ku Arnside Street. Oposa theka anapsa. Otsalawo mpaka lero amawatcha mapepala opserera, ena akuoneka m'mbali mwakuda ndi moto, ena anafufutika ndi madzi ozimitsira. Fayilo ya bambo wa agogo sinapulumuke. Anthu a kuno ndi moto sagwirizana ndithu, chifukwa nkhokwe yawo yaikulu ya zikalata ku Four Courts nayo inapsa mu June 1922, pa nkhondo yapachiweniweni.

Chimene chinatipulumutsa ndi kakhadi ka mamendulo, kamene chithunzi chake chimapezeka ku The National Archives ku Kew, ku London. Kakhadi kochepa, koma nambala inagwirizana. Kuchokera apo, mothandizidwa ndi munthu wina wodziwa zinthuzi amene mdzukulu uja anakumana naye kulaibulale ya ku Pearse Street, kumene amasunga zikalata zokhudza gulu limeneli, tinadziwa kuti anali m'bataliyoni yachisanu ndi chitatu. Ndiye bataliyoni iliyonse inali ndi buku limene ofesala ankalembamo zochitika tsiku ndi tsiku. Msilikali wamba satchulidwamo kawirikawiri, koma umadziwa kumene gulu lake linagona, kumene linamenya.

Pa 27 ndi pa 29 April 1916, ku Hulluch m'dziko la France, Ajeremani anatulutsa utsi wa poizoni n'kuulozetsa kumaenje a asilikali a ku Ireland. Anafa ambirimbiri. Sabata yomweyomweyo ndi imene mu Dublin munkalira mfuti za kuukira kuja, kumene kunayamba pa 24 April. Tangoganizani. Mzinda wako ukuyaka, iwe ukubanika kudziko la eni, ndipo ukabwerera anthu akukumbukira sabata imeneyo chifukwa cha ena, osati iwe.

Mdzukulu atawerenga, agogo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Chifuwa chija. Amayi ankati ndi fodya." Ndinanyamuka kukaika ketulo, poti misozi inali pafupi, ndipo pantchito sulira kuposa mwini maliro.

Lamlungu lotsatira tinawayendetsa pa njinga yawo ya olumala kupita ku Islandbridge, kumunda wachikumbutso m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, wokumbukira anthu a ku Ireland 49,400 amene anafa pa nkhondoyi. Ndili pamenepo mtima unathawira ku Zomba, pa chipilala cha King's African Rifles chimene tinkachidutsa pa minibasi osachiyang'ana n'komwe. Nkhondo yomweyi inafika kwathu. Ku Karonga kunamenyedwa mu September 1914, ndipo John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo. Kupatula asilikali, panali amtengatenga, osenza katundu pamutu mitunda yosaneneka, akufa ndi njala ndi matenda m'njira. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ofera kunkhondo, linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Bambo wa agogo fayilo yawo inapsa, inde, koma anali ndi nambala. Wamtengatenga ukamuyambira pati?

Usiku womwewo ndinaimbira amalume pa WhatsApp, poti ndinkamva ndili mwana kuti agogo awo a amayi anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo. Amalume anati n'zoona, koma munthuyo anali ndi mayina awiri, lakumudzi ndi lina limene anamupatsa azungu, ndipo lachiwirilo aliiwala. Akuti alipo azakhali amodzi okalamba kwambiri amene angalikumbuke, ndipo akawaona mwezi wamawa akamapita kukagawa feteleza. Ndawatumizira ya mayunitsi kuti akawajambule mawu pafoni, asakangomva ndi makutu. Ndawauzanso kuti akafunse ngati m'nyumbamo muli kachitini.

Basi yanga ya 7 koloko yayandikira, agogo akudikira phala lawo. Tikumane sabata yamawa.