Imbani musi uli m'manja

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno ndi Machitidwe 16:25.

Imbani lero, musadikire kuti zinthu ziyambe zayenda kaye.

Amene tinakulira kumudzi timakumbukira amayi athu akukonola. Musi wolemera, thukuta lili kamukamu, gaga akuuluka, ndi pomwe nyimbo inkayamba. Nyimboyo sinkachepetsa chimanga mumtondo, koma inkalimbitsa mkono. Azimayi awiri akamasinja mtondo umodzi, ndi nyimbo yomwe inkaletsa misi kugundana. Ndipo ambiri ankatulutsira momwemo zowawa za m'banja zomwe sakanatha kuzinena pamaso pa apongozi.

Sabata ino mwana wanga wagonekedwa m'chipatala. Kupemphera kunandikanika, mawu anauma pakhosi. Usiku wina mayi amene anayala chitenje pansi pafupi ndi bedi la mwana wake anayamba kuimba chapansipansi nyimbo yakale ya kutchalitchi. Mawu ake anali osasa, mwina chifukwa cholira. Ndime yachiwiri isanathe ndinapezeka ndikuvomera, kenako agogo ena kumapeto kwa wodi anatengako mawu apansi. Dripi inkangodontha momwe inkadonthera. Koma mtima wanga, womwe unali utatayirira, unagwira mayendedwe, ndipo ndinatha kunena kuti Atate.

M'mawu athu aja, Paulo ndi Sila anaimba ali m'ndende, misana ili ndi mikwingwirima, mapazi ali omangidwa, chivomerezi chisanabwere. Akaidi anzawo ankamvetsera.

Nanga ife, abale anga? Lamulungu nyimbo timasiyira akwaya, ife takweza foni kujambula. Tikatuluka ndiye nkhani ya kiyibodi yomwe inasokosa ndi mtsikana amene analakwitsa poyambira. Pamtondo palibe amene amaima chapatali, manja m'chiuno, kuyesa mawu a mnzake. Aliyense amagwira musi wake n'kuvomera. Mawu anu akhale osasa kapena okhota, tulutsani. Simukudziwa amene wagona pansi pafupi nanu, yemwe pemphero lamuthera ndipo akungodikira wina ayambitse.

Ngongole, matenda, banja lomwe likugwedezeka, zonse zikadali mumtondo m'mawa uno. Imbani mukusesa pabwalo, imbani mukudikira minibasi.

Mwanayo kutentha thupi kwatsikako, koma sanatulutsidwe. Chonde mum'kumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mwana wa mayi uja.

Ambuye akusungeni tsiku lonse.