Mlembi Anamwalira Kale, Nanga Buku Latsopanoli Walemba Ndani?

Pa kanema: zikuto za mabuku zikudutsa chimodzichimodzi.

Moni nonse okonda nkhani za upandu, za akazitape ndi za ofufuza milandu. Chaka chilichonse makampani osindikiza mabuku ku London ndi ku New York amatulutsa ndandanda ya mabuku amene akubwera, ndipo mayina akuluakulu ambiri amawasungira miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, anthu akamayamba kuganiza zogula mphatso za Khirisimasi. Mukaiyang'ana bwino ndandanda yotereyi mupeza chinthu chodabwitsa. Muli dzina la Robert Ludlum, yemwe anamwalira mu 2001. Muli Tom Clancy, yemwe anatisiya mu 2013. Nthawi zina mumatulukiranso Agatha Christie, mayi amene anaikidwa m'manda mu 1976. Onsewa akuti ali ndi buku latsopano.

Si mizimu ayi. Ndi malonda, malamulo, ndi mikangano ya pachibale imene ina ya iyo imaposa nkhani za m'mabukumo.

Ine ndinayamba kuzifufuza nditapusitsidwa, kapena ndinene kuti nditadzipusitsa ndekha. Ndinagula buku lakale kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, aja amayala pansi pafupi ndi ogulitsa kaunjika. Pachikuto panali dzina la Ludlum m'zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha sitolo. Nditafika kunyumba, nditawerenga masamba angapo, ndinamva kuti mawu ake si amene ndinazolowera. Kubwerera pachikuto, m'munsi mwenimweni, ndinapeza dzina lina m'tizilembo ting'onoting'ono. Wogulitsayo sanandinamize. Osindikiza nawonso sananame. Anangodziwa kumene diso la munthu limayambira kuyang'ana.

Pa kanema: chikuto cha buku, chala chikuloza dzina la m'munsi.

Tiyambire pa Ludlum pomwepo. Za Jason Bourne, munthu uja anaiwala kuti iye ndi ndani, Ludlum analemba mabuku atatu okha: mu 1980, mu 1986 ndi mu 1990. Atamwalira, osunga chuma chake anapatsa ntchitoyo Eric Van Lustbader, amene anatulutsa buku lake loyamba la Bourne mu 2004 n'kupitiriza mpaka kuposa mabuku 10. Kuyambira mu 2020 cholemberacho chili m'manja mwa Brian Freeman. Ndiye kuti mukatola buku la Bourne mosasankha, mwayi waukulu ndi woti mwini dzina sanalionepo n'komwe.

Ife Achewa izi siziyenera kutidabwitsa kwambiri. Mfumu ikagona, dzina silipita nayo kumanda. Mwana wa mlongo wake amalowa ufumu, n'kuyamba kuitanidwa ndi dzina lomwelo, ndipo milandu ya m'mudzi imapitiriza kuweruzidwa pabwalo lomwe lija. Kusiyana kwake n'kwakuti pamudzi aliyense amadziwa amene walowa, analipo tsiku lolonga ufumu. M'mabuku, wolowayo amamubisa kumunsi kwa chikuto.

Nanga amene amasankha wolowa dzina ndani? Apa ndi pamene pali lamulo la umwini wa zolemba. Ku Britain ndi m'maiko a European Union, zolemba za munthu zimatetezedwa moyo wake wonse, kuwonjezerapo zaka 70 atamwalira. M'zaka zonsezo ana, adzukulu kapena kampani imene inagula umwiniwo ndi amene amalola kapena kukaniza. Mabuku a Christie ku Britain adzamasuka kumapeto kwa 2046. Pakadali pano amayang'aniridwa ndi kampani ya Agatha Christie Limited, imene mtsogoleri wake ndi James Prichard, mwana wa mdzukulu wa mayiyo.

Ndipo nkhani ya Christie ndi yokoma, chifukwa mayiyu anaona patali. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabomba akugwa mu London, analemba buku lomaliza la Hercule Poirot, wofufuza milandu wake wa ku Belgium uja, wandevu zopotana. M'bukumo Poirot amamwalira. Analitsekera kubanki kwa zaka zoposa 30, ndipo linatuluka mu 1975 ndi mutu wakuti Curtain. Nyuzipepala ya New York Times inalengeza maliro a Poirot patsamba loyamba ngati kuti wafa munthu weniweni. Christie anatseka chitseko, anakhoma, kiyi n'kutaya.

A m'banja lake analowera pawindo. Mu 2014 analola mlembi Sophie Hannah kutulutsa The Monogram Murders, ndipo pofuna kupewa manda aja, nkhaniyo anaiika mu 1929, Poirot akadali wamphamvu. Ndi njira imene ambiri amatsata: ngati ngwazi inafa, bwererani m'mbuyo mukafunefune chaka chimene mwini nkhani sanakambepo kanthu. Mu 2022 anachitanso chimodzimodzi ndi Miss Marple, gogo uja amathetsa milandu ali pampando akuluka, pomwe amayi 12 olemba mabuku analemba nkhani imodzi aliyense.

Sherlock Holmes sitichedwa naye. Arthur Conan Doyle, mlembi amene anapeka wofufuza milandu ameneyu, anamwalira mu 1930, ndipo nkhani zomaliza za Holmes zinamasuka ku America pa 1 Januwale 2023. Lero aliyense angathe kulemba Holmes wake popanda kupempha, n'chifukwa chake dzinali silisowa pa ndandanda ya chaka chilichonse. Chabwino ndi choipa, zonse zili m'dengu limodzi.

Pa kanema: chithunzi cha mzinda wa Stockholm m'nyengo yozizira.

Tsopano khalani bwino, chifukwa nkhani yotsatirayi ndi imene imandiwawa. Stieg Larsson anali mtolankhani wa ku Sweden, mkonzi wa magazini ya Expo imene imafufuza magulu a tsankho. Usiku ankalemba mabuku a upandu. Anamaliza atatu, onena za mtsikana wodziwa kuthyola makompyuta dzina lake Lisbeth Salander, n'kuwapereka kwa osindikiza. Mu Novembala 2004 anakwera masitepe kupita ku ofesi yake chikepe chitawonongeka, mtima unaima, ndipo anamwalira ali ndi zaka 50. Buku loyamba linatuluka mu 2005. Sanaone ngakhale limodzi likugulitsidwa, ndipo mabukuwo anadzagulidwa mamiliyoni ambirimbiri padziko lonse.

Larsson anakhala ndi Eva Gabrielsson zaka 32, koma sanalembetse ukwati. Chifukwa chake chinali chomveka: anthu a m'magulu amene ankawafufuza aja ankamuopseza kuti amupha, ndipo kulembetsa ukwati kukanachititsa kuti adani apeze mosavuta kumene awiriwa ankakhala. Wilo inalipo, yolembedwa mu 1977, koma inalibe mboni, choncho lamulo silinaiwerengere. Malamulo a ku Sweden anapereka chuma chonse, pamodzi ndi umwini wa mabuku, kwa bambo ake ndi mchimwene wake wa malemuyo. Mayi amene anadya naye mavuto kwa zaka 32 anatsala wopanda mawu pa mabukuwo.

Amene munaonapo za chuma cha masiye, achibale akubwera ndi galimoto maliro asanazizire, mukudziwa kulira kwake. Kusiyana n'kwakuti uku kunalibe kulanda ndi manja, lamulo lenilenilo ndi limene linagawa motero.

Gabrielsson anakana kupereka zolemba za buku lachinayi zimene Larsson anasiya osamaliza. A m'banja ndi osindikiza sanadikire. Anaitana David Lagercrantz, yemwe okonda mpira mumamudziwa chifukwa ndiye analemba buku la moyo wa Zlatan Ibrahimović, kuti apeke nkhani yakeyake. Anailemba pa kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti poopa kuti ingabedwe isanatuluke. Inatuluka mu 2015, Gabrielsson akutsutsa poyera, ndipo Lagercrantz anawonjezera ena awiri mu 2017 ndi mu 2019. Kuyambira mu 2022 Salander ali m'manja mwa Karin Smirnoff. Ndiye mukaona buku latsopano la mtsikanayu pa ndandanda, dziwani kuti ali pa mlembi wachitatu, ndipo masamba omaliza amene Larsson analemba ndi manja ake sanasindikizidwebe.

Kodi mabuku a Lagercrantz ndi oipa? Ayi, amawerengeka, ndipo mwina ndi osalala kuposa a mwini wake. Koma Larsson ankalemba ndi mkwiyo wa munthu amene waona amayi akuzunzidwa boma likuyang'ana kumbali. Mkwiyo sungaulembe m'pangano la ntchito. Awa ndi maganizo anga, mukhoza kunditsutsa.

Pa kanema: mabuku awiri ataikidwa pamodzi.

Pali ena amene amakonza zonse akadali moyo, ngati bambo wanzeru amene amagawa minda asanadwale. Lee Child, dzina lake lenileni Jim Grant, anayamba nkhani za Jack Reacher mu 1997. Mu Januwale 2020 analengeza kuti watopa ndipo akupereka Reacher kwa mng'ono wake Andrew Grant, yemwenso anali kale mlembi wa mabuku. Mng'onoyo anasintha dzina lolembera kukhala Andrew Child, ndipo buku lawo loyamba kulemba limodzi, The Sentinel, linatuluka chaka chomwecho. Taonani nzeru yake: dzina lakuti Child si la aliyense wa iwo, ndi dzina la ufumu chabe, ndipo m'sitolo mabuku awo amakhala pa shelefu imodzi.

Palinso mwana wolowa m'malo mwa bambo. John le Carré, katswiri wa nkhani za akazitape, anamwalira mu Disembala 2020. Mu 2021 munatuluka Silverview, buku limene iye mwini analemba n'kulisunga. Limenelo ndi lake ndithu. Koma mu 2024 mwana wake Nick Harkaway anatulutsa Karla's Choice, n'kudzutsa George Smiley, kazitape wonenepa, wofatsa, wa magalasi uja. Nayenso anatsata njira ya a Christie, anaika nkhaniyo mu 1963, m'kampata kamene bambo ake anasiya pakati pa mabuku awo. Harkaway anakula akumva bambo ake akuwerenga mokweza zimene alemba, ndipo anali atadzipangira kale mbiri ndi mabuku akeake. Pa onse olowa dzina, ameneyu ndi amene ndimamukhulupirira kwambiri. Paja amati make mbuu, mwana mbuu.

Mtundu wina ndi wa buku losiyidwa pakati. Michael Crichton, mlembi wa Jurassic Park, anamwalira mu 2008. Mkazi wake Sherri anapeza zolemba za nkhani ya phiri lophulika la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo patapita zaka anazipereka kwa James Patterson kuti amalize. Eruption inatuluka mu Juni 2024, mayina onse awiri ali aakulu pachikuto. Apa palibe chobisa, koma palibenso amene angakulozereni tsamba limene Crichton analekera ndi pamene Patterson anayambira.

Ndiye mukamaona chilengezo cha buku limene likubwera, kaya mwaliona pa foni kaya laikidwa pansi mumsewu, werengani chikuto kuyambira m'munsi. Dzina la malemu likakhala gawo la mutu wa buku, monga zimakhalira ndi Ludlum ndi Clancy, mlembi weniweni ndi wa tizilembo uja. Mukatsegula tsamba lachiwiri kapena lachitatu, pamene pali kachizindikiro ka umwini, onani chaka ndi dzina limene lili pambali pake. Mukapeza dzina la kampani m'malo mwa munthu, ndipo chaka chili patsogolo pa imfa ya mlembi, mwadziwa chimene mwagwira. Sindikuti musagule. Ena mwa olembawa ndi akatswiri, ndipo ine ndinadziwa mabuku a Mark Greaney chifukwa choyamba kumuona pansi pa dzina la Clancy. Ndikungoti ndalama yanu ipite mukudziwa amene mukumulipira.

Pa kanema: zilembo kuyambira A mpaka Y, malo a chilembo chomaliza ali opanda kanthu.

Si onse amene amalola. Sue Grafton wa ku America anayamba mu 1982 ndi A is for Alibi, nkhani ya mayi wofufuza milandu dzina lake Kinsey Millhone, ndipo buku lililonse ankalipatsa chilembo chotsatira. Analemba kwa zaka 35 mpaka kufika pa Y mu 2017. Kunatsala buku limodzi lokha, ndipo mutu wake anali atausankha kale, Z is for Zero. Mu Disembala chaka chomwecho khansa inamutenga. Osindikiza akanapeza mosavuta munthu wolemba buku lomalizalo, ndipo likanagulidwa ngati zitumbuwa zotentha. Koma mwana wake wamkazi analemba pa Facebook kuti mayi ake sankafuna kuti wina alembe m'dzina lawo, choncho kwa a m'banjamo zilembo zathera pa Y.

Grafton anakananso moyo wake wonse kugulitsa Kinsey kwa opanga mafilimu, popeza anagwirapo ntchito ku Hollywood ndipo ankakudziwa bwino. Pa ichi banja silinalimbe mpaka kalekale. Mu 2021 linagwirizana ndi kampani ya A+E Studios kuti nkhanizo zikhale sewero la pa wailesi yakanema. Buku la Z lokha ndi limene mpaka lero silinalembedwe.